Musavine msanga ndi khadi lamphatso

Inu amene mumakapikula katundu ku Johannesburg, tandiuzani. Mukalowa m'masitolo akuluakulu aja, pafupi ndi pamene amalipirira, simudaonepo makhadi okongola atapachikidwa m'mizeremizere ngati zibangili pamsika? Lina lalembedwa Google Play, lina Netflix, lina dzina la sitolo yomweyo. Amene mudafikako ku America mudawaonanso, ena atalembedwa ndi mtengo womwe pamwamba: madola 25, madola 50, madola 100. Tsono chodabwitsa n'chakuti sitolo imene imakhomera mafoni ndi mowa wodula m'kabati yagalasi, mlonda ali njo pakhomo, makhadi amenewa imangowasiya poyera, aliyense n'kumawagwiragwira. Kodi eni masitolowo adapenga kuti azipachika ndalama pamsomali?

Sadapenge ayi. Khadi limene likulendewera pamsomalilo ndi lakufa. Mulibe ngakhale tambala. Mutaliba lero n'kuthawa nalo, mwaba chigoba cha pulasitiki chimene mwina mungapalire mamba a nsomba basi. Limasanduka ndalama pokhapokha litatsegulidwa, zimene anyamata a m'tauni amati kulipanga activate. Nkhani yathu lero yagona pamenepa, chifukwa makhadi amenewa ayamba kutipeza ngakhale kuno kwathu. Achibale a kunja akutitumizira ngati mphatso, ena akuwatsatsa pa WhatsApp, ndipo ambiri a ife timangowalandira osadziwa kuti tagwira chiyani.

Chimene chimatisokoneza n'chizolowezi cha mayunitsi. Khadi la TNM kapena la Airtel limene mumagula kwa mnyamata wa pansi pa ambulera limakhala lamoyo kale. Mukangokala n'kulowetsa manambala aja m'foni, basi mwayamba kuyimba. Khadi lamphatso silitero. Ndalama yake siikhala m'khadimo. Imakhala m'kompyuta ya kampani, kutali uko, ndipo khadilo langonyamula nambala ya kabuku kanu kumeneko. Lisanagulidwe, kabukuko kamakhala kopanda kanthu. Mukafika nalo pakauntala, wogulitsa amalidutsitsa pa kamakina kaja kowerenga timizere takuda, inu n'kulipira, ndipo makinawo amatumiza uthenga ku kompyuta ija kuti nambala yakutiyakuti yalipiridwa ndalama zakuti. Kompyuta ikavomera, lisiti limatuluka. Kutsegula khadi n'kumeneko. Nthawi zambiri zimatheka pompopompo, koma makampani ena amachenjeza kuti pakhoza kudutsa maola 24 ndalamayo isanaoneke.

Tsono taganizani zimene zingalakwike pa mphindi imodzi imeneyo. Netiweki ikhoza kuduka uthenga uli m'njira. Wogulitsa, poti ndi nyengo ya Khrisimasi ndipo mzere wafika kukhomo, akhoza kudutsitsa makhadi awiri mwa atatu, wogulayo osazindikira. Iye amatuluka akumwetulira, amaliika khadi lija mu envelopu n'kulitumiza. Amene amakachita manyazi pakauntala, katundu ali kale m'jumbo, anthu kumbuyo akung'ung'udza, ndinu wolandira. Umboni wokhawo woti khadi lidatsegulidwa ndi lisiti. N'chifukwa chake ndikuti khadi lamphatso lobwera lopanda lisiti lili ngati ng'ombe yogula popanda kalata ya amfumu: tsiku la mlandu mulibe pogwira.

Mwina mukufunsa kuti chipsinjo chonsechi adachiyambitsa ndani. Kale masitolo a ku America ankagulitsa mapepala amphatso, osindikizidwa bwino, olembedwa mtengo wake. Atafika makina a fotokope otulutsa mitundu, akathyali adayamba kudzipangira mapepala awo. Ife sitingadabwe nazo. Tikukumbuka makuponi a feteleza amene adayamba mu 2005, ndi momwe achinyengo ankasindikizira abodza. M'chaka cha 1994 sitolo ya Neiman Marcus idayamba kugulitsa makhadi apulasitiki, ndipo mu 1995 kampani yobwereketsa makaseti a kanema ya Blockbuster idawafalitsa m'masitolo ake ambirimbiri, itatopa ndi mapepala abodza aja. Nzeru yake idali yakuti khadi lisakhale ndi mtengo uliwonse mpaka ndalama italowa m'kabati. Mumvetse bwino pamenepa, abale anga. Mpanda umenewu adaumanga pofuna kuteteza mwini sitolo, osati inu. Chitetezo chanu muyenera kudzipezera nokha.

Makhadiwa alipo a mitundu iwiri. Pali a sitolo imodzi kapena kampani imodzi, monga a Woolworths, Takealot, Amazon kapena Apple. Amenewa amadya kwawo kokha. Ndiye pali ena okhala ndi chizindikiro cha Visa kapena Mastercard, ooneka ngati khadi la ku banki, amene mungagulire m'masitolo osiyanasiyana. A mtundu wachiwiriwu ndiwo ali ndi miyambo yambiri. Pogula pamakhala kandalama kapadera kowonjezera pa mtengo wa khadi. Ena, makamaka obwera pa positi, amafika ali chitsekere mwadala, kuopa kuti angabedwe m'njira. Wolandirayo amayenera kuyimba nambala ya foni imene yalembedwa kumbuyo kapena pa kapepala komatidwa kutsogolo, apo ayi kulowa pa intaneti, n'kupereka manambala 16 a khadilo, tsiku lothera ntchito ndi manambala atatu a kumbuyo. Ndipo ngati mukufuna kugulira pa intaneti, kawirikawiri pamafunikanso kulembetsa dzina ndi keyala, poti masitolo ambiri a pa intaneti amayerekeza keyala imene mwalemba ndi imene kampani ya khadi ikuidziwa. Zikasiyana, khadi limakanidwa ngakhale ndalama ilimo yodzaza.

Pamenepa pali dzenje limene ophunzira, ozolowera kufunsa chilichonse kwa Google, angagweremo mosavuta. Akuba adakonza masamba abodza a pa intaneti ofanana ndendende ndi a makampani a makhadi. Mukafufuza kumene mungatsegulire khadi lanu, tsamba labodzalo likhoza kutulukira pamwamba penipeni. Likufunsani manambala onse mwaulemu, likuuzani kuti mudikire pang'ono, ndipo pamene inu mukudikira, ndalama yapita. Lembani ndi zala zanu keyala ya pa intaneti imene yasindikizidwa pa khadipo, chilembo ndi chilembo. Osadina zimene wina wangokutumizirani pa foni.

Koma chitseko chimene chimatimenya pamphuno kwambiri ife a kuno ndi cha malire a mayiko. Tiyerekeze mtsikana wa pa yunivesite ku Zomba, amalume ake ali ku Texas. Amalume aja, mwa chikondi chawo, amugulira khadi la Google Play la madola 50, latsegulidwa bwinobwino, amutumizira manambala ake. Mtsikana alowetsa m'foni, foni ikana. Alowetsanso, ikananso. Khadilo si lakufa ayi, koma malamulo a Google amati khadi ligwire ntchito m'dziko ndi m'ndalama imene lidagulidwira, pa akaunti ya dziko lomwelo. A Apple nawonso amatero. Khadi la Amazon ya ku America silingagule kanthu pa Amazon ya ku Britain. Ndipo makhadi ambiri amphatso a Visa ogulidwa ku America adalembedwa poyera kuti amagwira ntchito m'dziko la United States lokha. Zili ngati mayunitsi a magetsi a ESCOM: manambala 20 aja ndi a mita imene mudatchula pogula. Mukakawalowetsa m'mita ya aneba, sangayatse ngakhale babu limodzi.

Ndikudziwa kuti pa chikhalidwe chathu wopatsidwa sasankha, ndipo kufunsa wamkulu za mphatso yake kumaoneka ngati mwano. Komatu safunsa adadya phula. Palibe mwano kunena kuti, "Amalume, zikomo kwambiri pondikumbukira, koma musanagule khadi lija tandiuzani kaye dzina lake ndione ngati kuno limagwira. Likapanda kutero, bola mungonditumizira pa Western Union ndikalandire ndekha." Amalume anzeru sangakwiye nazo. Chowakwiyitsa n'kudzamva patapita miyezi itatu kuti thukuta lawo lidangouma m'foni, mwana osaphula kanthu.

Tsopano tibwerere ku msomali uja, chifukwa akuba nawonso adaphunzira kuti khadi lakufa lidzauka tsiku lina. Amalowa m'sitolo n'kutenga makhadi angapo. Mlonda salabadira kwenikweni, poti akudziwa kuti ndi zigoba. Kunyumba amamatula chikutiro mwaluso, amakala kasiliva kobisa manambala achinsinsi, amalemba zonse, amamatapo kasiliva kena, ndipo mawa lake makhadi aja abwerera pamsomali ngati sadachokepo. Kenaka amangodikira, kompyuta yawo ikufunsafunsa usana ndi usiku ngati nambala yakuti yalowa ndalama. Inu mukangolipira pakauntala, ndiye kuti mwawaimbira belu. Khadi lisanafike n'komwe kwa mwini mphatso, iwo akokolola kale. Ena amangomata timizere takuda ta khadi lawo pamwamba pa ta khadi la m'sitolo, kotero kuti polipira mumakhala mukudzaza khadi limene lili m'thumba mwa wakuba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Vutoli lidakula mpaka chigawo cha Maryland ku America chidakhazikitsa lamulo mu 2024 lokakamiza kuti makhadi otere azigulitsidwa atakutidwa motetezeka, komanso kuti ogulitsa aziphunzitsidwa kuzindikira chinyengo.

Nanga wogula atani? Aliyang'anitsitse khadilo monga amayi amachitira posankha nsomba pamsika wa Limbe. Chikutiro chikaoneka chong'ambika kapena chomatidwa kawiri, lisiyeni. Yendetsani chala pa timizere takuda tija. Mukamva kuti pali kapepala komata pamwamba, kalipereke kwa manijala. Ngati sitoloyo imasunga makhadi ena kuseri kwa kauntala, pemphani amenewo. Mukalipira, musachoke musanayerekeze manambala otsiriza a pa lisiti ndi a pa khadi, komanso kuona kuti ndalama yalembedwayo ndi imene mwaperekadi. Lisitilo lipite limodzi ndi mphatso. Ndipo inu wolandira, tsiku lomwelo imbani nambala ya kumbuyo ija mumve kuti muli ndalama zingati. Mukapeza kuti mulibe kanthu, dziwitsani wogulayo ndi kampani ya khadi nthawi yomweyo. Kubwezeredwa si kwapafupi ayi, koma wopanda lisiti alibe ndi poyambira pomwe.

Inu a malonda, tcherani khutu apa. Akakupezani munthu pa Facebook kaya pa depoti atanyamula khadi la madola 100 n'kumati mungompatsa theka la mtengo wake m'makwacha, dzifunseni kuti ndani amagulitsa dola motchipa m'dziko limene ndalama zakunja timazisaka ndi nyali masana. Khadi lotero mwina silidatsegulidwe, mwina lidakokololedwa kale, mwinanso lidagulidwa ndi khadi la ku banki lobedwa, ndipo kampani ikadzazindikira idzalitseka lili m'manja mwanu. Ngakhale atakuonetsani pa foni kuti ndalama ilimo, kumbukirani kuti manambalawo akuwadziwa nayenso. Inu mukamakwera minibasi, iye wayamba kale kugula. N'chimodzimodzi kasitomala wa kunja amene simudamuonepo, wofuna ziboliboli kapena zitenje zanu koma akuti alipira ndi khadi lamphatso. Katundu asachoke pa benchi.

Palinso mbali ina, pamene wakuba safuna kukugulitsani khadi koma akufuna kuti inu mumugulire. Ku America, bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission lidalengeza kuti m'miyezi isanu ndi inayi yoyambirira ya 2021 yokha, anthu pafupifupi 40,000 adadandaula kuti adaberedwa madola 148 miliyoni mwa njira imeneyi. Wina amayimba foni kuti ndi wa ku ofesi ya msonkho, wapolisi kaya bwana wa kuntchito, n'kulamula kuti thamangani mukagule makhadi, muwatsegulitse, mundiwerengere manambala. Ndi mbale wake weniweni wa uthenga uja timalandira kuno, wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Ophunzira amene mukusaka masikolashipu ndi ntchito za kunja, ndinu nyama yonona pamaso pa anthu amenewa. Palibe yunivesite, ofesi ya kazembe kapena ofesi ya boma imene imalandira malipiro a fomu kapena a viza kudzera m'khadi la Apple kapena la Google Play. Mukamva zotero, dulani foni. Khadi likatsegulidwa, aliyense wodziwa manambala ake ndiye mwini ndalama, ngakhale pulasitikiyo ili m'thumba mwanu.

Tinene kuti zonse zayenda bwino: khadi ndi lenileni, latsegulidwa, ndi la dziko loyenera. Musalibise pansi pa sutikesi kudikira tsiku lalikulu. Kuyambira mphindi imene latsegulidwa, nthawi imayamba kulidya. Ku America, lamulo la mu 2009 limati ndalama ya pa khadi lamphatso isathe mphamvu zisanakwane zaka zisanu, komabe limalola kampani kumadulako kandalama mwezi ndi mwezi khadi likakhala chaka chathunthu osagwiritsidwa ntchito. Ku South Africa, gawo 63 la lamulo loteteza ogula la mu 2008 limapereka zaka zitatu. Ku Britain kulibe lamulo loika zaka zoterezi. Sitolo iliyonse imadziikira yokha, ndipo zambiri zimapereka chaka chimodzi kapena ziwiri.

Kuwonjezera apo, sitolo nayonso imafa. Mu Januwale 2013, anthu atangopatsana mphatso za Khrisimasi, kampani yogulitsa nyimbo ya HMV ku Britain idamira m'ngongole, ndipo masitolo ake adayamba kukana makhadi ake omwe. Adayambanso kuwalandira patapita masiku angapo, anthu atakwiya kwabasi, koma phunziro lidamveka: mwini khadi ndi munthu amene adakongoza sitolo ndalama popanda chikole, ndipo pogawana zotsala amaima kumapeto kwa mzere. Ngakhale Blockbuster ija, kholo la makhadi amenewa, idagwa mu 2010.

Inu a bizinesi mukudziwa kukoma kwa kasitomala wolipiriratu katundu n'kuiwala kudzatenga. Phindu lobisika la malonda amenewa lili pomwepo. Kampani ya khofi ya Starbucks, m'malipoti ake a zaka za 2022 ndi 2023, idawerengera ngati ndalama zake zolowa madola pafupifupi 200 miliyoni pachaka, ochokera pa makhadi amene eni ake sakuyembekezeka kudzawagwiritsanso ntchito. M'menemo muli makhadi otayika, oiwalika m'madirowa, ndi timasenti totsalira timene munthu amachita nato ulesi kukatitsiriza.

Kuti timasenti tanu tisathere kumeneko, dziwani kuti makhadi a Visa ndi Mastercard aja kawirikawiri amakanidwa mtengo wa katundu ukaposa ndalama yotsala, ngakhale ndi pang'ono pokha. Muuzeni wogulitsa kuti pa khadi achotsepo zakuti, zotsalazo mulipira ndi kashi. Ndipo likatha musalitaye msanga mpaka mutatsimikiza kuti katunduyo simukabweza, poti ndalama yobweza nthawi zambiri imabwerera pa khadi lomwelo.

Sindikunena kuti makhadiwa ndi oipa ayi. Ali ndi ntchito yake. Mayi amene ali pa ganyu kutali, wofuna kuti ndalama yake igule ufa ndi sopo wa ana, osati kuthera pa njuga ya bambo, vocha ya sitolo ya zakudya imamuthandiza. Chimene ndikukana n'chakuti mtolo wonse wa kusamala usenzedwe ndi wogula yekha, pamene amene adapachika makhadi poyera ndi mwini sitolo. Kuno kwathu masitolo ena akuluakulu amagulitsa mavocha amphatso, ndipo mabwana ena amawagawira antchito awo kumapeto kwa chaka. A Competition and Fair Trading Commission ndi a Consumers Association of Malawi asadikire kuti tilire kaye. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Aonetsetse kuti vocha iliyonse ikulembedwa tsiku lothera ntchito ndi zilembo zazikulu, m'Chichewa momwe, kuti wogula akupatsidwa lisiti losonyeza kuti yatsegulidwa, ndiponso kuti pali khomo lodziwika lokagogoda vochayo ikakanidwa.

Pakadali pano, mukalandira khadi mu envelopu, thokozani ndi manja awiri monga mwa mwambo wathu. Kenaka pemphani lisiti, funsani kuti ndi la dziko liti, fufuzani ndalama imene ilimo, ndipo sabata isathe musanakagule chimene mukufuna. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Kuvina kudikire mpaka katundu atalowa m'nyumba.